Nsambo Yachinayi ya Besi ya Bambo Ako

Barnaba mwana wanga,

Sindiyamba ndi kukufunsa za moyo, poti m'mawa uno ndakuona ndi maso anga ukudya mbatata, uli bwinobwino. Ndikulemba iwe uli kwa amalume ako kokatsanzika, ndipo ndikuthamanga kuti ndimalize usanabwere. Mapepalawa ndang'amba m'kope lako lakale la masamu, undikhululukire. Zilembo zanga ukuzidziwa, ndi za munthu wolekeza Sitandade faifi, pamene palakwika uzingolumpha. Ndikanakuuza ndi pakamwa, koma ndayesa katatu sabata ino, ndalephera. Komanso mpanda wathu ndi wa bango, ukudziwa wekha kuti munthu akatsokomola kuno anzathu amamva.

Kalatayi ndikupatsa mawa pokwera lole. Usaiwerenge uli pamwamba pa matumba a usipa anthu akusuzumira paphewa pako. Udikire masana pamene adalaivala amaima kuti aswali, iwe utsike ngati wofuna kupita kuthengo, ukhale pansi pa mtengo, uwerenge yonse mpaka pansi. Uwerenge usanafike pa boma, Barnaba. Ukamaliza uitenthe. Machesi ndakuikira m'thumba la malaya, pamodzi ndi khadi la chipani.

Nkhani yake ndi ya gitala ija. Chibwerere ku boma la Mangochi mwezi wathawu, kumene unakajambulitsa chithunzi cha kusukulu ya uphunzitsi, sulankhula china. Umati ili pakhoma m'kasitolo ka Che Amidu okonza mawailesi, yakalekale, yofiira ngati dothi la kumtunda, ndipo m'munsi mwake muli chipsera chakuda. Umati ndi besi yamagetsi, yolemera ngati nkhafi ziwiri. Umati ili ndi nsambo zitatu zokha, yachinayi yonenepa ija palibe, n'chifukwa chake eni ake sakuikweza mtengo. Ndipo ndikudziwa kuti ndalama zimene wagwirira ku chilimira, khoka la usipa la amalume ako, chaka chino, zoti ukagulire nsapato ndi zina za kusukulu, mumtima mwako wazipereka kale kwa Che Amidu. Mawa lole ikakutula pa boma udzakhala ndi nthawi yaitali basi ya ku Blantyre isanabwere. Nthawi imeneyo ndi imene ikundiopsa.

Tsiku lija ukufotokoza ndinagwetsa mbale, n'kukukalipira kuti ndiwe chitsiru chofuna kuvala thabwa kumapazi. Unangotuluka panja. Ndinalakwa. Sindinakwiye ndi iwe ayi, ndinachita mantha. Unanena kuti utoto wake unasupuka mbali yolakwika, koma iwe utaigwira mmene umagwirira zinthu, ndi manzere, mkono wako unangolowa pamalo posupukapo ngati anachita kukuyeza. Pamenepo ndi pamene mbale inagwa. Chipsera chakudacho ndinachipanga ndine, ndi koloboyi amene ndinamuika pafupi kwambiri. Gitala imeneyo ndi ya bambo ako.

Cholakwa changa choyamba chimene uyenera kudziwa ndi bodza. Ndinakuuza kuti bambo ako anapita ku migodi ku Joni iwe uli khanda, n'kutchona konko. Ukafunsa chithunzi ndinkati chinanyowa ndi mvula. Ku Joni sanapondeko, Barnaba, ngakhale tsiku limodzi. Gitala yokhayo ndiyo inachokera kumeneko. Anabwera nayo mkulu wina wa ku Chowe, amene anaipeza itakalamba kale m'manja mwa anthu ena, ndipo bambo ako anamukhomera zitseko ndi mawindo a nyumba yonse kuti awapatse. Dzina lawo anali a Lukasi. Dzina limene umalembera kusukulu ndi la bambo anga ine. Lachiwiri la a Lukasi sindilemba pano, ndidzakuuza ndi pakamwa tsiku lina tili m'bwato pakati pa madzi, pamene palibe mpanda. Usadzanamize mwana wako pofuna kumuteteza, chifukwa taona, ndakulera wosadziwa kanthu, ndipo wayenda wekha mpaka kukagwira chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinkabisa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene amayi ananditumiza tsidya lija, ku Nkope, kwa azakhali anga, kuti ndizikaphunzira pa mishoni, poti kuno ku Makanjira aphunzitsi ankabwera n'kuthawa. Loweruka ndinkagulitsa mandasi a azakhali kumpanda wa hotela ina cha kumeneko. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinaima ndi beseni pamutu n'kumva chinthu chikulowa kumapazi. Silinali phokoso ayi. Chinkakwera m'miyendo n'kudzakhala m'mimba, du, du, du, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yaikulu ikuyenda pansi pa nthaka. Ndinayang'ana kumwamba kuti mwina ndi mvula, koma kunali mbee. Ndinatsata mpanda mpaka pa shedi yokonzera maboti. M'menemo munali boti lovundikira, ndi mnyamata wamtali atakhala pa chitsa, utuchi uli m'tsitsi, atagunditsa mutu wa gitala pa matabwa a botilo. Magetsi panalibe, poti injini ya pa hotela ankailiza madzulo okha. Koma iwo, bambo akowo, anali atatulukira okha kuti besi yopanda magetsi ukaigunditsa pa boti, boti lonse limayimba. Ntchito yawo inali ya ukalipentala wa maboti, kuyimba m'bandi ya pa hotelapo kunali kwa kumapeto a sabata. Atandiona anati, "Mandasiwo mukugulitsa, kapena nawonso abwera kudzamvera?" Ndinayankha kuti sindikudziwa. Ndipo zoonadi sindinkadziwa.

Apa ndinalakwanso. Sukulu ndinaisiya pakati pa chaka. Aphunzitsi anga aakazi anabwera kawiri kwa azakhali kudzandichonderera, ine ndili kuseri ndikungomva du du m'mimba. Ngakhale bambo ako anandiuza kuti ndimalize kaye, shedi sichoka pamalo pake, ndine ndinakana. Sindidandaula kuti ndinakwatiwa nawo, sindidandaula kuti unabadwa. Koma lero ndikulemba kalata ya moyo wa mwana wanga ndi zilembo zopindika, mawu ena ndikuwasowa. Iwe wafika pamene ine sindinafike. Usatsike panjira chifukwa chakuti chinthu chalira mokoma.

Ndili ndi pakati pako, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tinkapita ku shedi ija. Ndinkakhala pansi n'kutsamiritsa msana pa boti, iwo ali mbali inayo akuyimba, osaonana. Dzuwa linkalowa m'timabowo ta malata n'kugwa pa utuchi ngati mawanga a nkhanga. Munkanunkhira phula ndi matabwa ongopala kumene. Ndinkatsinzina, ndiye ndimaona ngati boti layandama ndi ine, tikupita, osati panyanja koma pansi pake, kumene kulibe mphepo. Nsambo zitatu zinazo sunkazilabadira, koma akangokhudza yonenepayo unkatembenuka m'mimba n'kuponda. Ndinkawauza, iwo n'kuseka, amati mwanayu walembedwa kale ntchito m'bandi asanaone dzuwa. Ankayimba ndi manzere, gitala ataitembenuza, nsambo yonenepa ili m'munsi mmalo mokhala pamwamba. Kuyambira ku Nkope mpaka pa boma panalibe wina woyimba choncho, ndipo anthu ankabwera kudzangoona zimenezo. Usaiwale mawu amenewa, ndiwabwerezanso.

Tsopano ndikuuze chachikulu, chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abambo kutchalitchi. Unali ndi miyezi isanu ndi itatu pamene uthenga unafika kuti kukubwera mkulu wa chipani pa boma, ndipo bandi ya ku hotela ikayimbe pa msonkhano. Masiku amenewo dera lathu lino ankaliyang'ana ndi diso lina, chifukwa cha anthu amene anathawira m'mapiri zaka zam'mbuyo, moti ukangochedwa kuwomba m'manja ankakufunsa kuti abale ako ali kuti. Sabata imeneyo iwe unali ndi malungo, thupi lili ngati lata la padzuwa. Ndinawapempha kuti asapite. Anati, "Amake Barnaba, izi si za ku hotela zoti munthu angakane." Poti ndayamba, ndinene zonse. Sanali malungo okha. M'bandimo munali mkazi wina woyimba, wovala nsapato zazitali, wodziwa Chingerezi, ndipo ndinamva kuti akagona konko masiku awiri. Ine ndinali mwana, ndi chitenje chimodzi chonunkha mkodzo wa khanda.

Loweruka m'mawa iwo ali kosamba, ndinatsegula thumba la gitala. Ndinali nditaona kambirimbiri mmene ankapotokolera timakutu tachitsulo ta kumutu kwake. Ndinapotokola ka nsambo yonenepa mpaka inafooka, ndinaisolola. Nzeru zanga zinali zakuti popanda imeneyo besi ndi thabwa chabe, ndiye atumiza mawu kuti chida chawonongeka, akhala pakhomo akukuyangata iwe. Ndinasowa pobisa poti nyumba inali ya chipinda chimodzi. Ndi zamanyazi kuuza mwana wamwamuna, koma ndinaizunguliza m'chiuno, mkati mwa chitenje. Inali yozizira.

Lole ya chipani inafika n'kuyamba kuliza hutala kumsewu. Bambo ako anatsegula thumba kuti aone ngati zonse zili bwino, anangoti chilili. Anafuna pansi pa mphasa, m'dengu la ufa, kudenga, m'bokosi la zipangizo zawo. Che Amidu, amene nthawi imeneyo ankayimba ng'oma m'bandimo, anafika pakhomo kawiri kudzawafulumizitsa. Kachitatu sanabwere, tinangomva lole ikunyamuka. Bambo ako anatembenuka n'kundiyang'ana, osati kumaso koma m'chiuno, chifukwa ndinali nditaika dzanja pamenepo osadziwa. Anafunsa mofatsa, "Amake Barnaba, simunaione?" Ndinati ayi. Mwana wanga, ndikanangovomera, kuimanga sikukanatenga nthawi, ndipo lole akanaipeza, poti inkaimanso pamsewu waukulu kutenga amayi ovina. Anafunsanso, mofatsa kuposa poyamba. Ndinati ayi kachiwiri. Sanakalipe. Anakugwira pamphumi, anabereka gitala ya nsambo zitatu kumsana, n'kukabwereka njinga ya mlonda. Ndinaima pakhomo kuwaona akulimbana ndi mchenga, gitala ikugwedezeka kumbuyo ngati mwana wogona. Sindinawaonenso.

Zotsalazo ndinamva kwa Che Amidu Lolemba. Sanalowe m'nyumba, anaima pataliko ngati munthu wofunsa njira. Anati bambo ako anafika thukuta lili kamukamu mkulu uja atayamba kale kulankhula, ndipo pofuna kufika msanga kwa anzawo anadutsa kutsogolo kwa nsanja, anthu onse atakhala pansi chete. Anyamata a chipani a malaya ofiira anawagwira pomwepo. Atawafunsa chimene anachedwera, anati nsambo inasowa. Atawafunsa kuti anaitenga ndani, anati anaitaya okha. Anawafunsa kangapo, akuwamenya, yankho linali lomwelo. Ndiye anawalembera kuti anachita dala pofuna kunyoza msonkhano, kuti ndi mmodzi wa ogalukira. Gitala anailanda. Che Amidu anamaliza ndi mawu akuti, "Mlamu, tengani mwana muwoloke lero, musadikire mawa." Ndinawoloka pa boti la asodzi, iwe uli kumsana, nsambo ikadali m'chiuno. Tili pakati pa nyanja malungo ako anatsika okha, unayamba kuseka ndi madzi.

Patapita zaka zinayi, munthu wina wotuluka kumene anawatsekera anakumana ndi amalume ako pa boma. Anawauza kuti a Lukasi anamwalira ndi chifuwa, ndipo pamene anawaika sakudziwa. Ananenanso kuti masiku amene anali ndi mphamvu ankagogoda chitseko ndi zala za kumanzere, pang'onopang'ono, ndipo anzawo ankasinthana kutsamira chitsekocho kuti amve ndi msana. Dzina langa sanalitchule kwa wina aliyense mpaka kumapeto. Tamvera tsono, Barnaba. Munthu amene ukumukonda usadzamubisire kanthu kuti akhale nawe. Ndipo wina akadzakufunsa mofatsa, uyankhe zoona nthawi yomweyo, lole isanapite patali.

Dzanja lako nalonso ndinalilakwira. Unayamba kutola zinthu ndi manzere usanayambe kulankhula. Ndinkakumanga dzanjalo ndi kansalu nthawi ya chakudya, iwe n'kumalira, chakudya chikugwa pansi. Anthu ankandiyamikira kuti ndikukuphunzitsa ulemu, poti kulandira kapena kudya ndi manzere ndi mwano. Amayi anga okha ndi amene ankadziwa chimene ndikuopa, ankangotembenukira kumbali. Unaphunzira kudya ndi kulemba ndi dzanja lamanja. Koma kuponya mwala, kukoka khoka, kukanda m'mutu ukamaganiza, zonsezo zinakana. Ndikakuona ukukanda m'mutu choncho ndimatuluka panja.

Ndipo ukukumbukira babatoni wako uja, besi yakumudzi ya nsambo imodzi, wa chikopa cha mbuzi ndi waya wa m'tayala, amene unapanga uli Sitandade sikisi. Ndinkachokera kumunda, khasu lili paphewa, ndinamva chinthu chija kumapazi. Ndinataya khasu n'kuthamanga, mumtima ndikuti abwera, munthu uja ananama, abwera. Ndinakupeza iwe kuseri kwa nkhokwe, utagunditsa mtengo wake pa chitseko chakale chimene tinachichotsa. Palibe anakuphunzitsa zimenezo. Ndinamuthyola babatoniyo n'kumuponya pamoto, ndipo sunandilankhule masiku atatu. Chimene sudziwa ndi chakuti ndisanatulukire ndinaima mbali ina ya nkhokwe nthawi yaitali, nditatsinzina, msana nditatsamiritsa pa nsungwi zake, kumvera mpaka unamaliza nyimbo. Ndikupepesa lero. Ndinaphunzira mochedwa kuti chinthu chimenechi sichipsa ndi moto.

Chibwerere iwe ku boma ndikulota loto limodzimodzi. Shedi ija yadzaza madzi mpaka kudenga, koma palibe akumira. Boti lili pomwepo, timabowo ta dzuwa tili pomwepo, tinsomba tikulowa ndi kutuluka m'kuwalako. Bambo ako akhala pa chitsa chawo, utuchi ukuyandama kuchoka m'tsitsi. Sanakalambe ayi, ndi aang'ono kuposa ine tsopano, msinkhu wawo ndi wako. Zala zikuyenda koma pamene payenera kulira yonenepa pamakhala zii, ndipo amadikira, n'kuyambiranso, n'kufikanso pomwepo. Kenako amandiyang'ana n'kufunsa funso lija. Ndikati nditsegule pakamwa, madzi amalowa. Ngakhale masana ndimawamva. Lole ikamabwera ili kutali kuseri kwa phiri, kapena mphepo ya mwera ikamamenya maboti pa doko, kapena sitima ikamadutsa kunja uko osaoneka, ndimasiya kusinja n'kuvula nsapato ngati ndavala. Anzanga amati ndili ndi matenda a kuiwala. Si kuiwala ayi.

Tsono ndibwere pa za mawa. Unandiuza mwa nthabwala kuti utaigwira gitala ija, Che Amidu anakuyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, iwe n'kutchula dzina la agogo ako ndi Makanjira, iwo n'kungoti oho. Iwe unaseka. Ine sindinagone. Za Che Amidu sindikudziwa, mwana wanga, ndipo sindikufuna kuchimwira munthu. Ndi iwo amene anandiuza kuti ndithawe. Koma ndi iwonso amene anakwera lole ija n'kuilola kuti inyamuke. Gitala inalandidwa ndi a malaya ofiira, nanga inafika bwanji pakhoma pawo? Mwina anaiwombola chifukwa chokonda mnzawo, ndipo aisunga zaka zonsezi kudikira mkono woti ulowe posupuka paja. Mwina anapatsidwa chifukwa cha zimene ananena. Ndaganiza mbali zonse ziwiri mpaka mutu kuwawa. Ngakhale atakhala munthu wabwino, unanena wekha kuti pakhonde pawo pamakhala telala ndi madoda osewera bawo tsiku lonse. Madoda amenewo anali anyamata nthawi ija. Ena anali pa msonkhano uja. Amene anali tcheyamani wa chipani nthawi ija akadali moyo, amalume ako amamuona pamsika.

Taganiza, Barnaba. Mnyamata wamtali, wa nkhope ya a Lukasi, akutuluka m'sitolo atabereka gitala yofiira ya nsambo zitatu kumsana, akudutsa pamsika mpaka kokwerera basi. Safunika kunena dzina lake. Aliyense wa imvi pa boma paja adzaona munthu amene anamuona kale. Ndipo mwana wa wogalukira saphunzitsa ana a boma. Akangodziwa, kalata imakutsata kusukulu komweko, amakuitana mu ofesi, amakuuza kuti unyamule katundu, ngakhale utatsala sabata imodzi kuti umalize. Ameneyo ndiye wamwayi, wongobwezedwa kunyumba. Ndinapereka kale munthu mmodzi kumsewu umenewo gitala yomweyo ili kumsana. Wachiwiri ndilibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Usagule mawa. Sindikuti usadzagule, ndikuti mawa ayi. Lole ikakutula, upite ukagule nsapato, zachikopa zakuda, uyese zonse ziwiri, usachite manyazi kuyendayenda nazo m'sitolo. Ukatero ukakhale pokwerera basi, pafupi ndi amayi a ana, udye chinangwa chimene ndakumangira. Ngati miyendo ikukana, poti ndikukudziwa, udutse kamodzi kokha tsidya lina la msewu, uyang'ane ngati munthu woyang'ana wailesi. Usalowe. Ukalowa, usaikhudze. Ukaikhudza, dzanja lamanja, Barnaba, ugwire ngati mmene amagwirira anthu onse, uyimbe moipa, akuseke, ubweze. Che Amidu akafunsanso, dzina ndi la agogo ako, bambo ako ali ku Joni. Bodza limeneli ndakuvula lero, koma pa boma ulivalenso, ngati malaya obwereka.

Kusukulu nakonso zomwezo. Tsitsi uzimeta lisanafike m'makutu. Khadi lizikhala m'thumba, ngakhale popita kosamba. Munthu wamkulu akayamba kulankhula, ukhale pansi pamene ulipo, ngakhale pamatope, usadutse kutsogolo, usathamangire kwa anzako, adikira. Ukachedwa penapake, kuli bwino kuima kumbuyo kusiyana ndi kuoneka. Mnzako wogona naye chipinda umukonde, ugawane naye sopo, koma za a Lukasi usamuuze, ngakhale atakuuza zake akulira. Kuyimba sindikukuletsanso, ndinaletsa kokwanira. Ulowe kwaya ya kutchalitchi, mawu ako ndi aakulu, akakusowa. Kukakhala gitala ya sukulu, dzanja lamanja pagulu. Manzere usunge a pamene uli wekha, utatseka chitseko, ndipo ukagunditse pa chitsekocho ngati ukufuna, ndani angamve kupatula msana wako.

Gitala ija yakhala pakhoma zaka zonsezi. Oyimba amabwera, amaiona kuti ndi yakale, yosupuka mbali yolakwika, yoperewera nsambo, amapita. Idikiranso zaka ziwiri. Ukadzalandira pepala lako, akadzakutumiza kukaphunzitsa kutali kumene a Lukasi sadziwika, ndidzakwera lole ndekha. Sindinapondepo pa boma chiwolokere, koma ndidzapita. Ndidzalowa m'kasitoloko, ndidzawayang'ana Che Amidu m'maso, ndipo ndidzadziwa. Ndidzaikulunga mu mphasa ngati munthu wogula thabwa, ndidzakubweretsera. Ndikufuna ndidzakhale pansi, nditsamire chitseko cha nyumba yako ya aphunzitsi, iwe uli mbali inayo.

Chatsala chimodzi, ndipo ndikumva agalu a kwa amalume ako, ndiye kuti wanyamuka. Nsambo ija ndili nayo. Yakhala m'kachitini kudenga, m'kansalu ka mafuta a nsatsi, ndipo chaka chilichonse mvula isanagwe ndimaitsitsa n'kuipukuta. Dzimbiri ilibe. Dzulo ndinaitsitsa, ndinakhala nayo m'manja, ndinaganiza kuti ndiisunge. Ndinati bola ili ndi ine, mwanayu sagula gitala yoperewera, ndipo azibwera kunyumba tchuthi chilichonse. Ndinaona kuti ndi nzeru zabwino. Kenako ndinamva kuzizira m'chiuno, ndinazindikira kuti ndi nzeru zomwe zija za mtsikana wa ku Nkope uja, zangokalamba.

Ndiye ndaisokerera mumpendero wa bulangete lako, mbali imene ili ndi ulusi wofiira. Ukapapasa uimva. Ndi yako, sinali yanga chiyambire. Ndikudziwa chimene ndachita. Ndi nsambo imeneyi ukhoza kulowa mawa kwa Che Amidu n'kutuluka ndi besi ya nsambo zinayi basi isanabwere, ine ndili kuno tsidya lino, wopanda mwendo wokuthamangira. Ndakupempha, ndakuuza zifukwa zonse, kwatsala ndi kwa iwe. Koma kubisira nsambo mwamuna wa m'nyumba muno kuti asachoke, sindidzachitanso.

Bambo ako anandifunsa kawiri, ndinati ayi. Iwe sunandifunse, koma poti nkhope ndi yomweyo, ndiyankhe kwa iwe. Ndinaiona. Nayi.

Ndine mayi ako,
Agnesi